MLANDU SULI WA WOOCHERERA YEKHA

Ngolo ikathyoka pamene anaocherera, mwini wace amathamangira kukalalatira mmisiri, osayamba wafunsa za citsulo cimene iye mwini anagula motsika mtengo. Kuweruza kotereku nkwa phuma, ndipo mbiri ya zombo za ku America ndiyo mboni.

Kuyambira 1941 kufikira 1945 dzikolo linapanga zombo 2,710 zochedwa Liberty. M'malo mokhomera zitsulo ndi misomali ya rivet monga kale, anaziocherera ndi moto wa magetsi, ndipo nchito inafulumira modabwitsa: mu 1942 combo ca Robert E. Peary cinalowa m'madzi asanathe masiku asanu ciyambire kucimanga.

Koma zombo zina zinayamba kung'aluka m'nyanja yozizira, ndipo pa 16 January 1943 Schenectady, combo ca mafuta, cinathyoka pakati cili ciimire pa doko la Portland. Cala cinaloza amisiri, popeza ambiri a iwo anali ongophunzira kumene nchitoyo.

Mai Constance Tipper wa ku Cambridge ndiye anaonetsa kuti citsulo comweco cinali kusweka ngati mbiya cikazizidwa. Ndiponso ming'alu yambiri inayambira pa ngondya zakuthwa za makomo a katundu, zimene anajambula ndi akulu a m'maofesi, osati oocherera ai. Kuocherera kunali ndi mbali yace ndithu: pa combo ca rivet mng'alu umaima pothera cigamba, koma pa coocherera umangopitirira. Anacepetsa ngoziyo pozungulitsa ngondyazo ndi kukhomerapo zigamba zina ndi rivet.