Kafukufuku wa Mizinda Asayambe ndi Mawu Obwereka

Chaka ndi chaka, ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu m'nthambi zoona za mapulani a mizinda amapereka kwa aphunzitsi awo zikalata zofotokoza kafukufuku amene akufuna kuchita. Zikalatazi zimakhala zosanjidwa bwino: mutu, vuto, zolinga, mabuku amene awerengedwa, chiwerengero cha anthu oti afunsidwe, ndalama ndi nthawi. Koma m'zambiri mwa izo muli kachiganizo kamodzi, kobisika chakumapeto, konena kuti mafunso adzamasuliridwa m'chinenero cha anthu a m'deralo. Oyesa amakadumpha kachiganizoka ngati kuti ndi nkhani ya kalaliki. Chonsecho pamenepa ndi pamene kafukufuku wambiri wa mizinda amafera, wophunzira asanaponde n'komwe ku Ndirande kapena ku Kanyama.

Chitsanzo chapafupi ndi liwu loti household, limene wophunzira aliyense amawerengera nalo anthu ake. Akalemba kuti adzafunsa 300, kodi akunena mabanja, makomo kapena nyumba? M'Chichewa mawu atatuwa si amodzi. Pa poloti imodzi ku Mbayani pakhoza kukhala nyumba ya landilodi kutsogolo ndi mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi kuseri, onsewo n'kumagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. M'chipinda china mumagona anyamata atatu ogulitsa malonda m'tauni, osakhala pachibale, amene amasonkherana lendi koma aliyense amadya kwayekha. M'china muli mayi amene akafunsidwa za banja lake amawerenga ndi ana amene ali kumudzi ku Thyolo. Wothandiza pa kafukufuku mmodzi akamafunsa kuti "muli angati m'banja mwanu", mnzake n'kumati "mumagona angati m'nyumba muno", manambala amene adzalowe mu kompyuta adzakhala mayankho a mafunso awiri osiyana, ataunjikidwa pamodzi ngati kuti funso linali limodzi. Palibe luso lowerengetsera limene lingadzawasiyanitse pambuyo pake.

Nkhani ya malo ndiye yoposa. Funso lofuna kudziwa ngati munthu ndi mwini wa malo amene akukhalapo limaoneka losavuta m'Chingerezi, pakuti wolifunsa amakhala akuganiza za chikalata cha boma. Likamasuliridwa kuti "kodi malo ano ndi anu", amene ali ndi chikalata cha boma adzati eya. Amene anagula kwa mnzake pamaso pa mfumu, n'kulandira kapepala kodindidwa, adzati eya. Amene anasiyiridwa ndi malume ake adzatinso eya. Palibe amene wanama. Lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu isagwire ntchito yake m'dera la mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, koma aliyense amene anaikapo maliro kapena kugula malo ku Chinsapo akudziwa khomo limene anayamba kugogoda. Diana Cammack, Edge Kanyongolo ndi Tam O'Neil analemba za mafumu a m'tauni m'Malawi mu 2009, ndipo anaonetsa kuti anthu amenewa ndi amitundumitundu: ena ufumu wawo ndi wa magazi, ena anachita kusankhidwa ndi anthu okhala nawo. Wophunzira amene pa pepala lake la mafunso pali bokosi limodzi lolembedwa kuti "mtsogoleri wa m'dera" wafafaniza kusiyana konseku asanakuone, ndipo malamulo atsopano a malo a 2016 sangamuthandize kumvetsa chimene anthu akutanthauza akamati malo ndi awo.

Gwero la vutoli lili m'mbiri ya mizinda yeniyeniyo. Pulani ya Lilongwe watsopano inajambulidwa mu 1968 ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo likulu la dziko linasamuka ku Zomba mu 1975. Ojambulawo anagawa mzinda m'zigawo za manambala, olemera kwawo, osauka kwawo, mtunda wautali pakati. Mpaka lero mapu amati Area 56 pamene anthu amati Mtandire, amati Area 57 pamene anthu amati Chinsapo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo ambiri mwa anthu amenewa amakhala m'madera amene mabuku amawatcha informal kapena unplanned, mawu amene amangonena chimene deralo lilibe. N'zodabwitsa kuti ophunzira amawalandira mawuwa ngati mayina a zinthu zachilengedwe, ngati phiri kapena mtsinje. Dera lokhala ndi misika, matchalitchi, mizikiti, manda, makomiti a madzi ndiponso bwalo loweruzira milandu silingakhale lopanda dongosolo. Lili ndi dongosolo limene wojambula mapu sanalilembe. Harri Englund, amene anakhala nthawi yaitali ku Chinsapo, analemba mu 2002 za mmene mudzi umapezekera mumzinda, mzindanso m'mudzi. Mfundo yotere safika nayo munthu amene wabwera atagawa kale dziko pawiri, tauni uku mudzi uko. Munthu wobadwira ku Kawale akafunsidwa kuti kwawo ndi kuti, amatchula Ntcheu.

Ena angati izi n'zokangana za akatswiri a zinenero basi. Anthu a ku Zimbabwe sanganene choncho. Mu 2005 boma la kumeneko linagwetsa nyumba ndi misika m'mizinda pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, liwu la Chishona lonena za kukana zonyansa, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, popezera ndalama kapena zonse ziwiri. Dzina linatsogola, zigumula zinatsatira. Ku Zambia zinayenda mwina: lamulo la nyumba la 1974 linalola kuti makomboni a ku Lusaka monga Chawama ndi George azitengedwa ngati madera oyenera kutukulidwa, ndipo okhalamo anayamba kulandira zilolezo za zaka 30. Nyumba zake zinali zomwezo. Chinasintha ndi dzina limene lamulo linazipatsa. Wophunzira wa lero ndiye mkulu wa mapulani wa mawa ku khonsolo, ndipo mawu amene anazolowera polemba digiri ndi omwe adzalembe m'chikalata cholamula kuti anthu asamuke.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Amati digiri imalembedwa m'Chingerezi, oyesa ochokera kunja sadziwa Chichewa, ndiponso zotsatira ziyenera kuyerekezeka ndi za ku Nairobi kapena Maputo. N'zoona, ndipo palibe amene akunena kuti bukulo lilembedwe m'Chichewa. Koma kuyerekeza kumafuna kuti zinthu zoyerekezedwazo zidziwike kaye kuti n'chiyani. Kupanda apo n'kuyerekeza mthunzi ndi mthunzi. Amatinso Chichewa chilibe mawu a ntchito ya mapulani. Apa ndiye akuphonya. Chichewa cha m'tauni chili ndi mawu ochuluka a malo, lendi, madzi ndi ulamuliro kuposa amene ali pa pepala la mafunso: mdadada, kumayadi, kiyosiki, mjigo, nyakwawa, kabaza. Chimene chikusowa ndi wofufuza woti awamvetsere. Mfundo yolemera koposa ndi yakuti mizinda ili ndi zinenero zambiri. Ku Mzuzu kuli Chitumbuka, ku Mangochi Chiyao, ku Lusaka Chinyanja chimayenda limodzi ndi Chibemba, ndipo Chinyanja cha ku Matero si cha m'buku la sukulu la ku Zomba. Komatu zimenezi zikungosonyeza kuti ntchitoyo ndi yaikulu kuposa kachiganizo kamodzi kaja. Safunsa anadya phula.

Choncho chikalata chofotokoza kafukufuku wa mizinda chisamavomerezedwe ngati mulibe gawo lathunthu lonena za mawu. Wophunzira atchule mawu asanu kapena khumi amene kafukufuku wake wayedzamira, anene mmene adzawafunsire m'chinenero cha kumeneko, ndipo asonyeze kuti anapita kaye kukakhala milungu ingapo m'deralo kumvetsera mmene anthu amayankhulira za malo awo. Mafunso omasuliridwa abwezedwe m'Chingerezi ndi munthu wina amene sanaone oyambawo, kuti pamene tanthauzo lapatuka paonekere. Othandiza kufunsa aphunzitsidwe pamodzi, n'kugwirizana liwu limodzi pa funso lililonse. Mayankho ajambulidwe ndi kusungidwa m'chinenero chimene ananenedwa, osati kuwatembenuza pomwepo pakhonde. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ndalamazo zilembedwe m'bajeti pafupi ndi za mayendedwe ndi zosindikizira. Thandizo liliponso pafupi: Centre for Language Studies ya ku Zomba inakhazikitsidwa mu 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000. N'zachilendo kuti nthambi ya mapulani imaitana katswiri wa manambala kudzaunika chiwerengero cha ofunsidwa, koma siganiza zoitana katswiri wa chinenero kudzaunika mafunso amene anthuwo adzafunsidwe.

M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kuyambira pamenepo mutu wa anthu okhala m'malo angozi wakhala wokopa ophunzira, ndipo mpake. Funso limene lidzapezeke m'mapepala awo ndi lakuti ngati anthu angalole kusamuka. Wofunsa wina adzati "kusamuka", wina "kusamutsidwa", wina "kuchotsedwa", wina "kupatsidwa malo ena". Loyambalo munthu amachita yekha, lachiwiri amamuchitira, lachitatu lili ndi fungo la apolisi, lachinayi ndi lonjezo. Mayi wa lendi ndi landilodi wake adzayankha lililonse mosiyana, ndipo peresenti imene idzatuluke idzaperekedwa ku khonsolo ngati maganizo a anthu a ku Chilobwe.