Za Magalimoto: Gudumu Limodzi Likamazungulira Lokha

Mvula ikagwa, magalimoto onyamula kachewere ku Angónia amatitimira m'matope, gudumu limodzi lakumbuyo likuzungulira, linzake lili duu. Chimachititsa ndi difu. Ntchito yake ndi kulola magudumu kuthamanga mosiyana pokhota, koma poterera imasiya gudumu losagwira nthaka lizingozungulira.

Eni magalimoto ampikisano anathana nalo kale vutoli. Mu 1935 kampani ya ZF ku Germany inawapangira difu yochepetsa kuterereka, kuti galimoto izigwira msewu pokhota.

Kuno amakanika ena amangowotcherera difu kuti magudumu aziyendera pamodzi. M'matope zimathandizadi, koma paphula galimoto imakana kukhota, matayala amatha msanga, ndipo ekiselo ikhoza kuthyoka anthu ali pamwamba pa katundu. Dalaivala wanzeru amaika difu yoyenera. Ndalama zikasowa, amanyamula khasu ndi unyolo.