Dzanja la Black Coffee lili m'thumba

Mlongo wanga anandiimbira foni Loweruka lapitali mtima uli m'mwamba. Mwana wake, yemwe wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, akuti za koleji ayi, iye akufuna kukhala DJ. "Achimwene, muyankhuleni mphwanuyu. Ntchito yanji yogona masana, usiku n'kumaika nyimbo za eni ake kuti zidakwa zivine?"

Umalume suukanidwa, ndiye ndinavomera. Koma pa ulendo wopita kumeneko m'mutu mwanga munali Nkosinathi Maphumulo wa ku South Africa, yemwe dziko lonse limamudziwa kuti Black Coffee.

Mkuluyu anabadwa mu 1976 ku Durban, n'kukulira ku Mthatha. Mu February 1990, anthu atadzaza mumsewu kukondwerera kutuluka m'ndende kwa Nelson Mandela, galimoto inalowa m'chikhamucho. Iye anali pomwepo, ndipo kuchokera tsikulo mkono wake wamanzere sugwira ntchito. N'chifukwa chake dzanjalo limakhala m'thumba akamaika nyimbo. Ine ndemwe poyamba ndinkati ndi matama.

Tsono ganizani. DJ wa m'kalabu sayembekeza kuti nyimbo ithe. Ina ikulira kwa ovina, ina akuimvera yekha m'mahedifoni, kuifulumizitsa kapena kuichedwetsa mpaka kugunda kwa ziwirizo kufanane. Kenako amatsitsa besi ya yoyamba uku akukweza ya yachiwiri, ovina osazindikira kuti asinthiridwa nyimbo. Maso ali pa anthu, kuona ngati akutopa. Anzake amachita zimenezi ndi manja awiri.

Ndipo sizinabwere msanga. Anayamba waphunzira nyimbo za jazz ku Technikon Natal. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2005. Mu 2010 anaika nyimbo kwa maola 60 ku Maponya Mall ku Soweto. Ku kalabu ya Hï pa chilumba cha Ibiza anayamba kukhazikikako mu 2017, ndipo mphoto ya Grammy, ya chimbale cha Subconsciously, anailandira mu 2022 ali ndi zaka 46.

Mphwangayo za Grammy ndi Ibiza amazidziwa kuposa ine. Za mkono sanamvepo. Nditamupempha kuti alumikize nyimbo ziwiri pa laputopu yake, zinawombana ngati mbale zikugwa m'khitchini. Anati vuto ndi sipika.

Sindinamuletse, ngakhale mayi ake ananditumira zimenezo. Ndamuuza kuti mwezi wamawa pa chinkhoswe cha msuweni wake zoimbira zidzakhala m'manja mwake. Akadzavinitsa azakhali ake ndi achinyamata omwe kwa maola awiri, bwalo osaphwa, ndidzamulankhulira kwa mayi ake, bola mafomu a koleji alembe ndithu. Wavomera, koma monyinyirika.

Mlongo wanga sindinamuuzebe za panganoli. Waimba kale kawiri lero.