Wodwala Khate Asapite Yekha ku Cipatala

Abale mwa Khristu, ena pakati pathu akunyoza odzipereka a m'miphakati amene amaperekeza odwala khate ku cipatala, ati akudziputira tsoka. Ife tikukana mau amenewa. Khate si temberero kapena ufiti: limadza ndi kacirombo, ndipo limacizika ndi mankhwala aulere omwa miyezi 6 kapena 12. Woyamba mankhwalawo sapatsiranso anzake. Koma amene tambisa kuseri kwa nkhokwe amalumala manja, mapazi ndi maso cifukwa ca manyazi athu.

Damien Woyera anatumikira akhate ku Molokai mankhwala kulibe, kufikira imfa yake mu 1889. Ife tikupemphedwa zocepa: kuperekeza wodwala, kumkumbutsa tsiku lotenga mankhwala, kumlankhulira pamaso pa anamwino, kukhala naye mpando umodzi pa Misa. Wokana zimenezi, katekisimu anangomuloweza pakamwa.