Ndudu pa Chileka, Ndudu pa Lirangwe

Aliyense amene anakwerapo ndege pa bwalo la Chileka adziwa kuti m'ndege simusutidwa fodya. Munthu angakhale wolemera kapena waudindo chotani, ndudu zake amazisunga m'thumba kufikira atatsika ku Johannesburg, ndipo sitinamvepo kuti wina wakomoka ndi chibaba. Mwambo umenewu unakhazikika bungwe loona za maulendo a pandege la ICAO litagwirizana mu 1992 kuti pofika pa 1 July 1996 kusuta kuthe m'ndege zonse zopita ku maiko ena.

Koma tiyeni titsike ndegeyo, tikwere galimoto ya kuntchito yodzera ku Lunzu ndi ku Matindi kumka ku Lirangwe. Mkulu yemwe uja, amene wapirira maola awiri mumlengalenga, akangokhala pa mpando wakutsogolo wayamba kale kufunafuna machesi, chikwangwani choletsa kusuta chili pamaso pake. Dalaivala amangoyang'ana msewu. Kalaliki amene ali kumbuyo amatsokomolera m'kampango. Palibe amene amatsegula pakamwa.

Ife tikuona kuti gwero la vutoli lagona pamenepa. Anthu lamulo akulidziwa. M'minibasi, momwe onse alipira mtengo umodzi, wosuta amadzudzulidwa msanga ndi amayi obereka ana, ndipo kondakitala sachedwa kumuopseza kuti amutsitsa. Koma m'ofesi, m'chipinda cha aphunzitsi ndi m'galimoto ya kuntchito, wosutayo kawirikawiri ndiye bwana. Ife Amalawi tinaleredwa kuti wamng'ono sadzudzula wamkulu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti akuluakulu ena akubisalamo ndi kudwalitsa anthu amene sangathe kuwayankha.

Kudwalako si nkhambakamwa ayi. Mu 1981 dokotala wa ku Japan, Takeshi Hirayama, anaonetsa kuti amayi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta amadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo a m'mabanja opanda fodya. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu oposa miliyoni imodzi amafa chaka chilichonse chifukwa cha utsi wa fodya wa anzawo. Mwana wa mphumu sachedwa kubanika nawo. Kutsitsa galasi la galimoto, kumene osuta ambiri amakuyesa chifundo, sikuchotsa utsi wonse, ndipo fungo lake limatsalira m'mipando masiku ambiri.

Tikudziwa chimene ena atiyankhe. Adzati fodya ndiye chuma cha dziko lino, ndipo wonyoza fodya wanyoza mlimi amene amatula mabelo ake ku okushoni ya ku Limbe. Ife mlimiyo timamulemekeza. Koma fodya wathu wa bale pafupifupi yense amagulitsidwa kunja, ndipo palibe tambala ndi imodzi yomwe imene mlimi amaonjezera chifukwa chakuti dalaivala wapuma utsi wa bwana wake pa Matindi.

Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, patatha zaka 20 chikhazikitsire panganolo. Ndime 8 ya panganoli imatchula malo ogwirira ntchito ndi galimoto zonyamula anthu kuti akhale opanda utsi. Anzathu a ku Zambia analetsa kusuta m'malo osonkhana anthu mu 2008, ndipo abale athu amene akugwira ntchito ku South Africa adziwa kuti kumeneko ndi mlandu kusuta m'galimoto muli mwana wosakwana zaka 12.

Choncho pempho lathu likupita kwa inu akuluakulu a m'maofesi ndi aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Chileka ndi ku Lirangwe. Pa msonkhano wa antchito nenani nokha, pakamwa panu, kuti dalaivala ali ndi chilolezo choimitsa galimoto wina akayatsa ndudu, ngakhale woyatsayo atakhala inu. Amene chibaba chamugwira apatsidwe malo panja, kutali ndi mazenera ndi makalasi. Ndipo mchitidwe wotuma ana asukulu ku golosale kukagula ndudu pa nthawi ya buleki, umene ena amauyesa utumiki wamba, uthe teremu ino isanatsekedwe.