Mbava ya ng'ombe siiba yokha

M'chaka cha 1899, ku Ekwendeni kunazengedwa mlandu umene ambiri a ife sitinaumvepo kusukulu. Woimbidwa mlandu anali mzungu wina dzina lake Ziehl, odandaula anali Angoni a kwa M'mbelwa, ndipo nkhani yake inali ya ng'ombe. Mkuluyu anabwera ngati wogula, koma kagulidwe kake kanali kolanda. Ankalowa m'midzi ndi anyamata ake, kutenga ng'ombe mokakamiza, ndipo wokana ankaona zakuda.

Chinamutengera kutali chonchi ndi mtengo. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest, umene unadutsa kuno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890, unaoloka Zambezi mu 1896 n'kupulula makola a ku Rhodesia. Nthawi imeneyo katundu wambiri wa azungu a kumigodi ankayenda pa ngolo, ndiye ng'ombe zitatha, zonse zinaima. Ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ng'ombe inakwera mtengo koopsa, pamene kumpoto kwa Zambezi makola anali atayamba kudzazanso. Aliyense amene anali ndi mfuti ndi mtima wouma anaona polemerera.

Komanso kunalibe womugwira dzanja. Angelezi analengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwawo, koma kwa M'mbelwa boma lawo linakakhazikika mu 1904. Pakati pa zaka zimenezi, mzungu wolakwa kumeneko analibe bwalo lomuyembekezera. Mafumu mphamvu anali nazo pa anthu awo, koma kukhudza mzungu kunali kuputa nkhondo, ndipo umboni wake unali usanazizire: Inkosi Gomani ya kwathu kuno inaphedwa pa 27 Okutobala 1896, Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa mu Febuluwale 1898. Munthu ngati Ziehl sakanalephera kuona mpata woterewu.

Anamugwetsa ndi anthu amene anakana kukhala chete. Angoni anadandaula, ndipo mbusa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anaikankha nkhaniyi mpaka boma linatumiza woweruza. Ziehl anapezeka wolakwa, nalamulidwa kulipira mapaundi 50 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Chilango chopepuka, inde. Chofunika kwambiri chinabwera pambuyo pake: boma linaika lamulo loletsa azungu kugula ng'ombe kwa anthu akuda popanda chilolezo. Ngakhale atsamunda anaona kuti vuto lili pa kagulidwe.

Tisawayamikire msanga atsamundawo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 1898, asilikali ochokera m'dziko lomwe lino anakathira nkhondo Angoni a Mpezeni, kumene lero kuli Chipata, n'kulanda ng'ombe zoposa 10,000. Zimenezo sizinazengedwe pa bwalo lililonse. Wolanda makola ochepa anamutcha wolakwa, olanda makola a fuko lonse anabwerera ku Zomba ngati opambana.

Sitima ya pamtunda yoti Ziehl aibere kunalibe, chifukwa yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908. Anzake a ntchito imeneyi a ku America ndiwo anafika pobera sitima, ndipo wotchuka mwa onse ndi Butch Cassidy, amene ambiri anamudziwira mu filimu ya mu 1969, momwe Paul Newman anamusandutsa mnyamata wanthabwala, wokondeka, woti n'kumulirira akamafa.

Dzina lake lenileni linali Robert LeRoy Parker. Anabadwira ku Beaver, m'dera la Utah, pa 13 Epulo 1866, woyamba mwa ana 13 a m'banja losauka koma lopemphera. Ali mnyamata anakagwira ntchito pa famu ya ng'ombe, kumene anakumana ndi Mike Cassidy, katswiri woba ng'ombe ndi akavalo. Anatengako luso, natengako ndi dzina lomwe. Kubako kunali ndi sukulu yake. Ng'ombe za kumeneko zinkadya m'thengo popanda mbusa, ndipo mwini ankazizindikira ndi chizindikiro chootcha ndi chitsulo pachikopa. Wakuba ankangofunika chitsulo chake chamoto, kuonjezera kamzere apa ndi apo, chizindikiro n'kusanduka cha munthu wina. Kenako ankafunika wogula wosafunsa mafunso, ndipo oterowo sankasowa.

Pa 24 Juni 1889, iye ndi anzake anabera banki ku Telluride, m'dera la Colorado, n'kuthawa ndi madola pafupifupi 20,000. Chodabwitsa n'chakuti ndende anakailowa mu 1894 osati chifukwa cha bankiyo, koma chifukwa cha kavalo wakuba. Anakhala ku Laramie chaka ndi theka, bwanamkubwa wa Wyoming anamutulutsa mu Januwale 1896, ndipo pofika Ogasiti chaka chomwecho anali atabera kale banki ina ku Montpelier, Idaho. Gulu lake linadziwika kuti Wild Bunch. Usiku wa pa 2 Juni 1899, chaka chomwe Ziehl ankaima pa bwalo ku Ekwendeni, gululi linaimitsa sitima ya kampani ya Union Pacific pafupi ndi Wilcox, n'kuphulitsa ndi mabomba a m'migodi chipinda chosungira ndalama, bogi yonse kuphwasuka. Anabwerezanso ku Tipton mu 1900, kenako anabera sitima ya Great Northern pafupi ndi Wagner, Montana, mu 1901.

Filimu imatikopa ndi mfuti ndi liwiro la akavalo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi mapu. Limodzi mwa malo amene gululi linkabisalako, Brown's Park, lili pamene madera atatu amayandikana: Utah, Colorado ndi Wyoming. Wapolisi wa kumeneko mphamvu zake zinkathera pa malire a dera lake. Ukaba uku, umangoyenda mtunda pang'ono n'kukagona uko, wokuthamangitsa n'kubwerera akukukuta mano. Asanabe, ankayamba asiya akavalo opuma m'malo angapo m'njira yothawira, moti owalondola ankatsalira ndi akavalo otopa. Akavalowo ankawasunga ndi anthu. Chakudya ankawapatsa ndi anthu. Ng'ombe zakuba ankagula ndi anthu, ena a iwo olemekezeka ndithu m'dera lawo.

Kutha kwawo kunabweranso ndi mapu omwewo. Union Pacific inakonza sitima yapadera yonyamula akavalo ndi amuna amfuti, yokonzeka kunyamuka uthenga ukangofika pa lamya. Ofufuza a kampani ya Pinkerton sankaima pa malire a dera lililonse. Gululo linadziphera lokha fodya pojambulitsa chithunzi ku Fort Worth mu 1900, atavala masuti ngati akuluakulu a banki, ndipo chithunzicho chinafika m'manja mwa owasaka. Malire atasiya kuwateteza, Cassidy ndi mnzake Harry Longabaugh anakwera sitima ya pamadzi mu Febuluwale 1901 kupita ku Argentina, kumene anakatsegula famu ya ng'ombe ku Cholila. Woba ng'ombe za eni anakhala mwini khola. Sizinakhalitse. Mu Novembala 1908, amuna awiri amene anaba malipiro a kampani ya migodi ya Aramayo anazingidwa m'kanyumba ku San Vicente, Bolivia, n'kufera momwemo, ndipo olemba mbiri ambiri amavomereza kuti anali iwowa. Tsiku la fote linakwanira kutali ndi kwawo.

Amene amamutama Cassidy amati iye mwini sankakonda kupha. Mwina. Koma patangopita masiku ochepa chichitikire za ku Wilcox, mkulu wa apolisi Josiah Hazen anaomberedwa akulondola gululo, nafa. Za iye sitimva nyimbo.

Tsopano tibwere kwathu ku Tsangano. Malire athu ndi Mozambique anachokera m'pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo amangotsata msana wa mapiri, pamene madzi amagawikana. Palibe mtsinje waukulu woti uoloke, palibe mpanda. Dzina loti Tsangano lili mbali zonse ziwiri, chinenero n'chimodzi, Angoni a Maseko ali uku ndi uko, ndipo phiri la Domwe, kumene makolo awo anakhazikika, linatsalira tsidya linalo. Timakwatirana, timaikana maliro, timagulitsana mbatatesi. Umenewu ndi mwayi wathu, ndipo ndi mwayi womwewo umene mbava imadyerapo. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inabalalitsa ziweto zambiri za ku Angonia, tsidya linalo, inatisiyiranso mfuti zoyendayenda m'manja mwa anthu wamba.

Amene sanaberedwepo amaona ngati ndi nkhani ya nyama. Kuno ng'ombe ndi ngolo. Ndi imene imatuta manyowa kupita kumunda, imatsitsa matumba a mbatatesi kukafika pamsewu, imanyamula njerwa, imathamangitsa mayi wapakati kuchipatala usiku. Ziwiri zapagoli zikapita, banja labwerera m'mbuyo zaka zambiri. Mwini amadzuka m'mamawa kuli chisanu chathu chija, kupeza mipiringidzo ya khola yaikidwa pansi mwaulemu, osathyola ngakhale umodzi, galu ali chete. Amuna a m'mudzi amatengana, kulondola mapazi m'matope, kudutsa madimba, kukwera chitunda. Akafika pamene munda wotsatira uli m'dziko la eni, amayang'anana. Nthawi zina ulendo umathera m'dambo, pamene amapeza mutu, ziboda ndi chipwidza chikadafuka nthunzi, nyama yonse itakwera kale njinga yamoto.

Ndipo tisamanamizane kuti akuba amachokera tsidya lokha. Anzathu a uko amadandaula chimodzimodzi za ife. Mlendo sangadziwe khola limene mwini wake wapita kumaliro, kapena galu amene amangofuna fupa. Alipo wa m'mudzi momwemo amene amalozera.

Ng'ombe siilowa m'thumba. Kuti ibedwe pamafunika wolozera, wokusa usiku, wopha ndi kusenda mofulumira, wonyamula, ndiponso wa ndalama amene akudikira. Wotsirizayu ndiye mwini ntchito. Nthawi zambiri amakhala munthu wooneka bwino, wa malo ake pamsika, amene timamupatsa moni waulemu. Nyama ikatsika mtengo modabwitsa pa chiwaya kapena mu butchala, timathamangira ndi timapepala tathu, osafunsa kuti yaphedwa kuti, wayiyeza ndani, chidindo cha alangizi a ziweto chili pati. Madzulo ake ndife tomwe timakhala pa bwalo kutukwana akuba.

N'chifukwa chake mchitidwe wogwira wakuba n'kumumenya mpaka kufa, kapena kumuotcha, ndimaukana. Ndi kupha munthu, ndipo ndi mlandu waukulu kuposa umene wabawo. Komanso ndi kupusa. Wogwidwa amakhala mnyamata wokusa, amene walonjezedwa kangachepe. Iyeyo ndiye akudziwa dzina la womutuma, nambala ya foni yake, ndi pamene nyama imatsikira. Mukamupha mwakwirira umboni wonse, ndipo bwana uja amagona tulo tabwino, mawa n'kupeza mnyamata wina, poti osowa ntchito ndi ambiri. Sindingadabwe kumva kuti mwa ofuula kwambiri kuti aphedwe mumakhalanso amene akuopa kutchulidwa. Lamulo lathu limalola woba ng'ombe kukhala kundende mpaka zaka 14, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha. Zilango zilipo, chimene chimasowa ndi kufika kwa wogula.

Zofunika kuchita si zachilendo. Ng'ombe isamachoke m'mudzi popanda kalata ya mfumu ndi chilolezo cha alangizi a ziweto, ndipo kalatayo izinena mtundu, nyanga ndi zizindikiro zake, osati kungolemba kuti ng'ombe imodzi. Wopha ng'ombe pamsika azionetsa chikopa ndi mutu pamodzi ndi makalata ake asanadule ndi kilo imodzi yomwe. Mafumu, nanunso, chidindo chanu chisamagulidwe ndi botolo. A mbali ino ndi a mbali inayo ndinu pachibale, mumakumana pa maliro ndi pa miyambo. Patsanani manambala a foni, kuti olondola mapazi akafika pa chitunda paja azipeza anzawo a tsidya akuwadikira. Apolisi a mayiko awiriwa amakumana m'misonkhano, koma ng'ombe imabedwa usiku, ndipo chofunika ndi foni imene iyankhidwe usiku womwewo.

Ndipo inu amene mukupita kumsika sabata ino, musanapereke ndalama pa nyama, funsani kuti muone chidindo. Wogulitsa akakwiya, kagulani kwina.