Mashea a Mkuwa Kapena Kukongoza Makampani: Ndalama za Penshoni Ziikidwe Kuti?

Mabanja ambiri kumidzi ali ndi mwana kapena mlamu wogwira nchito ku Kitwe kapena ku Ndola. Iye akapuma pa nchito nalandira ndalama zake, amauzidwa kuti aziike m'thumba losungiramo ndalama za anthu ambiri pamodzi, loyang'aniridwa ndi bungwe la Securities and Exchange Commission. Matumba otere ali mitundumitundu, koma lero tiyerekeza iwiri.

Thumba loyamba limagula mashea a makampani a nchito imodzi yokha, monga migodi ya mkuwa. Woikamo ndalama asanduka mmodzi wa eni ake: mtengo wa mkuwa ukakwera apindula, ukatsika ataya. Thumba laciwiri limakongoza ndalama ku makampani osiyanasiyana, ndipo iwo alonjeza kubweza pa tsiku loikika pamodzi ndi ciwongola dzanja.

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa kusiyana kwake. M'caka ca 1969 ku Matero, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Eni ake akale, Anglo American ndi Roan Selection Trust, analipidwa ndi zikalata za ngongole za ZIMCO zopatsa 6 peresenti pa caka. Boma linawombola zikalatazo mu 1973. Pofika 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo boma, mwini mashea, linadikira phindu zaka zambiri osaliona. Okongoza anali atalandira kale zao.

Komatu kukongoza nako kuli ndi minga yake. Mu 1992 ndi 1993 mitengo ya zinthu inakwera kuposa 100 peresenti pa caka, kotero kuti ciwongola dzanja coikiratu cinasanduka cabe. Ndiponso wokongola angalephere kubweza: mu November 2020 boma lenilenilo linalephera kulipira ngongole yake ya kunja.

Mfundo yaikulu ndi iyi. Banja la ku migodi lidalira kale mkuwa pa malipiro, pa lendi ya nyumba ndi pa malonda a mumsika wa Chisokone. Mu 2015, mtengo utatsikanso, kampani ya Mopani inacotsa anchito zikwi zingapo. Munthu amene anali ndi mashea a mkuwa okhaokha akadataya nchito ndi cuma comwe m'mwezi umodzi, ndipo makolo kumudzi akadasowa feteleza.

Motero wacinyamata wokhoza kudikira zaka khumi angaike gawo locepa m'mashea. Koma wopuma pa nchito, amene ndalamazo ndizo nkhokwe yake, aike gawo lalikulu m'thumba lokongoza, atayamba wafunsa maina a makampani okongolawo ndi ndalama zimene oyang'anira thumba amadula caka ndi caka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ndi wamphepo.